KUKHOMA BOTI LA MATABWA PAKHOMO: MALANGIZO KWA AMENE AKUYAMBA KUMENE

Mawu amene mlangizi wa za usodzi anayankhula pa msonkhano wa makomiti a m'madoko

 Ndapatsidwa mpata woti ndiyankhe funso limene ambiri mwakhala mukutifunsa tikamayenda m'madoko pa kalembera wa maboti ndi zida. Funso lake ndi lakuti: kodi munthu angathe kukhoma yekha boti la matabwa pakhomo pake, osakagula lokhomakhoma?

Yankho langa ndi lakuti inde angathe, makamaka ngati amadziwa kale kugwira sowo ndi puleni. Koma makolo anga, boti limasiyana ndi mpando. Mpando ukathyoka mwendo, munthu amagwa pansi anzake n'kuseka. Thabwa la boti likamasuka usiku pakati pa nyanja, maliro amalowa m'nyumba zisanu kapena zisanu ndi imodzi tsiku limodzi. N'chifukwa chake uthenga wanga lero ndi umodzi: boti lanu loyamba musalikhome mothamanga, ndipo lionedwe katatu ndi mmisiri wodziwa pamodzi ndi komiti lisananyamule mwana wa munthu.

Chifukwa chiyani nkhaniyi yabwera tsopano?

Akuluakulu muli pano mukukumbukira nthawi imene mtengo wosema bwato unkapezeka pafupi ndi mudzi. Lero mbawa kapena chonya wamkulu bwino amachokera kutali, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Komanso posema bwato, mbali yaikulu ya mtengo imathera m'zibenthu zimene timangosonkhera moto. Mtengo womwewo ukachekedwa matabwa, zotayika zimachepa.

Chachiwiri, nsomba za kufupi ndi gombe zachepa. Amene akufuna usipa ndi utaka akupita kutali, ndipo kumeneko kumafunika chombo chotha kunyamula injini, ukonde wonyowa ndi anthu, n'kupirira mafunde pobwerera. Kuyambira mu 1993, pamene ntchito ya makomiti a m'madoko inayamba ku nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire, ndiponso lamulo la za usodzi la mu 1997 litapereka mphamvu kwa eni dera, takhala tikukambirana kwambiri za maso a ukonde ndi nyengo yotseka nyanja. Zimenezo ndi zofunika. Koma msodzi amene akusunga malamulowo naye ayenera kubwerera kunyumba wamoyo, ndipo nkhani imeneyi ndi ya komitinso.

Yambani ndi muyeso wodziwika

Boti loyamba likhale laling'ono, la mamita 5 kapena 6, kapena kuti mafiti 16 mpaka 20. Musayambe ndi boti lalikulu la chilimira. Musapangenso maonekedwe a m'mutu mwanu. Yendani pa doko, mufunse asodzi akale kuti ndi boti liti limene limayenda bwino pa mwera, losagwedera ndiponso losamwa madzi kumutu. Mukalipeza, pemphani mwini wake kuti mulipime: utali, mulifupi pakati, kuya kwake, ndi kupindika kwa nthiti iliyonse. Dulani makatoni kapena pulayiwudi motsata nthitizo kuti mukhale ndi chitsanzo choonera.

Palinso mapulani olembedwa. Bungwe la FAO linasindikiza mapulani a maboti a matabwa oyambira mamita 5.2 mpaka 8.5, okhala ndi muyeso wa thabwa lililonse. Ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, kumene kuli sukulu ya za usodzi, maboti a matabwa akhala akukhomedwa kwa zaka zambiri. Tiuzeni alangizi anu kuti tikuthandizeni kupeza muyeso woyenera. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa ntchito ino phula lilipo ndithu.

Musanagule kanthu, khalani pansi ndi akunyumba mulembe zonse zofunika: matabwa, misomali, mabawuti, thonje, penti, phula, malipiro a mmisiri, ndi ndalama yapadera ya zogwa mwadzidzidzi. Maboti ambiri amene mumawaona ataima theka kuseri kwa nyumba, chiswe chikudya, anaima chifukwa ndalama inatha matabwa a m'mbali asanakwane. Ngati mukusonkherana pachibale kapena mwatenga ngongole ku banki m'khonde, lembani pa pepala kuti wapereka zingati ndani, ndipo mlembi wa komiti asaine ngati mboni. Amayi amene mukuika ndalama zanu za geni ya nsomba m'boti, dzina lanu lilembedwe pa pepalapo.

Kusankha ndi kuumitsa matabwa

Moyo wa boti umayambira pa thabwa. Mlombwa ndi wabwino kwambiri chifukwa suola msanga ndiponso sukhwinyata kwambiri ukauma. Mbawa nayo ndi yabwino. Malaina ndi opepuka ndipo savuta kupala, koma sakhalitsa ngati mlombwa. Bulugamu wokhwima ndi wolimba, amatha kugwira ntchito ya msana wa boti ndi nthiti, koma amakonda kung'aluka ndi kupindika ngati waumitsidwa mothamanga. Paini wosathira mankhwala amaola msanga m'madzi, choncho musamuike pansi pa boti.

Mitengo yachilengedwe monga mlombwa ndi mbawa ndi yotetezedwa ndi malamulo a za nkhalango. Gulani kwa munthu amene ali ndi chilolezo ndipo musunge malisiti, chifukwa matabwa opanda mapepala amalandidwa pa msewu, ndalama yanu n'kupita pachabe. Za mkungudza wa ku Mulanje, umene kale unkakhomera maboti, iwalani. Mtengowo watsala pang'ono kutheratu m'phirimo ndipo kuudula ndi mlandu. Wokugulitsani mkungudza akukugulitsani mlandu.

Posankha thabwa, onani zinthu zitatu. Choyamba, mbali yoyera ya kunja kwa mtengo imafumbwa ndi kuola msanga, ndiye muichotse, mutsale ndi mtima wa mtengo wofiirira uja. Chachiwiri, kanani thabwa la mfundo zikuluzikulu kapena zogwedera, chifukwa mfundo ikagwa pamatsala bowo. Chachitatu, yang'anani mizere ya thabwa. Iziyenda motsata utali wake. Thabwa la mizere yopingasa limathyoka mukamalipinda. Kwa boti la msinkhu umene tikunenawu, gulani matabwa a inchi imodzi kuti akapalidwa atsale pafupifupi masentimita 2.

Tsopano pamene ambiri amalakwitsa ndi apa. Thabwa lochekedwa kumene limakhala ndi madzi ambiri. Mukakhoma nalo boti likadali laliwisi, limauma lili pa boti, n'kuchepa mulifupi mwake. Mipata imatseguka moti mpeni n'kulowa, ndipo thabwa limang'aluka pamene pali misomali. Boti lotere mudzakhala mukukapa madzi moyo wake wonse.

Umitsani matabwa pa mthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa. Ayalidwe pa mitanda yokwera kuchoka pansi kuopa chinyontho ndi chiswe. Pakati pa thabwa ndi thabwa ikani timitengo towuma tofanana kukula, tolunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo pamwamba psinjani ndi miyala kuti asapindike. Kumapeto kwa thabwa lililonse pakani penti kuti lisang'aluke. Thabwa la inchi imodzi limafuna miyezi itatu kapena kuposerapo m'nyengo ya dzuwa. Kuti mudziwe ngati lauma, tengani thabwa limodzi lalifupi la pakati pa mulu, muzilipima pa sikelo sabata iliyonse n'kulemba. Likasiya kutsika kulemera masabata awiri kapena atatu otsatizana, ndiye kuti lauma.

Nyengo yathu imatithandiza pa zimenezi. Gulani matabwa mvula ikangotha, mu Epulo kapena Meyi. Aume m'miyezi ya mwera. Khomani mu Seputembala ndi Okutobala, kuti muyese boti mvula isanayambe.

Apa ndi pamene mmisiri ndi komiti ayenera kubwera koyamba: adzaone matabwa musanadule ngakhale limodzi.

Misomali

Msomali wamba wokhomera denga kapena chitseko suyenera kulowa m'boti. M'madzi umachita dzimbiri, n'kuonda, ndipo thabwa lozungulira msomaliwo limada n'kufewa. Kunja boti limaoneka labwinobwino chifukwa cha penti, koma m'kati mulibe chogwira. Tsiku limene funde lidzamenye mwamphamvu, thabwa lidzangotseguka. Gulani misomali ya galivanaizi yeniyeni, yotuwa ndi yokhakhala, osati yonyezimira ija imene kuphimba kwake n'kopyapyala. Ya kopa ndi yabwino koposa ngati mungaipeze, koma musaphatikize ya kopa ndi ya galivanaizi pamalo amodzi chifukwa zimadyana. Utali wa msomali ukhale pafupifupi katatu kuchindikala kwa thabwa. Pa mtengo wolimba, yambani mwabowola kabowo kocheperako kuposa msomali, apo ayi thabwa ling'aluka. Polumikiza msana wa boti, mtengo wa kumutu ndi thabwa la kumbuyo, gwiritsani mabawuti a galivanaizi okhala ndi mawasha. Ndalama imene mungapulumutse pogula misomali yotchipa ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi injini imene ingamire nayo.

Kuimika mafupa a boti

Sankhani malo osalala, a mthunzi. Ikani msana wa boti pa zipika zokhomerera pansi kuti usasunthe. Kokani chingwe chowongoka kuchokera kumutu mpaka kumbuyo, ndipo chilichonse muzipima kuchokera pa chingwe chimenechi. Mwala womangirira ku ulusi ukuuzani ngati mtengo wa kumutu waima chilili. Paipi yoonekera m'kati yothira madzi ikuuzani ngati mbali ziwiri za nthiti zili pa msinkhu umodzi. Pimaninso kuchokera kumutu kukafika pa ngodya ya kumanja ya thabwa la kumbuyo, kenako ya kumanzere. Miyeso iwiriyi ifanane. Ikasiyana, boti lidzakhala lokhota, lizidzakokera mbali imodzi n'kumakudyerani mafuta.

Nthiti zitalikirane monga zilili pa boti limene mwatengera chitsanzo. Musachotsepo ina pofuna kupulumutsa mtengo. Pansi pa nthiti iliyonse, pafupi ndi msana, semani kampata koti madzi azidutsa kupita malo amodzi okapira. Madzi okhazikika pakati pa nthiti ndiwo amaoletsa boti. Pamene mitengo iwiri ikukhudzana pakani penti kapena phula musanalumikize, chifukwa mukatha kukhoma burashi sidzafikapo.

Ngati mudzaika injini, ipimeni musanadule thabwa la kumbuyo. Injini ya mwendo waufupi imafuna thabwa lokwera pafupifupi masentimita 38, ya mwendo wautali masentimita 51. Thabwa limeneli likhale lochindikala kuposa a m'mbali, ndipo lilimbitsidwe ndi mitengo ya ngodya yolumikiza ku msana ndi m'mbali monse. Injini ya mahosi 15 imalemera makilogalamu oposa 30, ndipo imakankha ndi kunjenjemera pamalo omwewo usiku wonse.

Mafupa akaima, itanani mmisiri ndi komiti kachiwiri, musanakhome thabwa la m'mbali. Cholakwika chimene chingakonzedwe ndi ola limodzi pa nthawi imeneyi, chikaphimbidwa ndi matabwa sichikonzekanso.

Kukhoma matabwa ndi kumata

Khomani mosinthanasinthana: thabwa limodzi kumanja, lina kumanzere. Mukamaliza mbali imodzi yonse kaye, mphamvu ya matabwa imakoka mafupa n'kuwakhotetsa. Thabwa likamakana kupindika cha kumutu, musalikakamize ndi hamala. Likulungeni ndi masaka, thirani madzi otentha, ndipo mulikoke pang'onopang'ono ndi kalampa kapena chingwe. Ngati thabwa ndi lalifupi moti lifunika kulumikiza, ikani kathabwa kochirikiza m'kati, ndipo malumikizo a matabwa oyandikana asakhale pamalo amodzi. Atalikirane ndi nthiti zitatu.

Palani m'mphepete mwa matabwa kuti m'kati mwa boti akhudzane, koma kunja kutsale kampata kakang'ono. M'kampatamo ndimo mumalowetsa thonje lopota ndi chisulo chobuntha, kenako penti, kenako pate kapena phula. Musalikhomerere mopitirira muyeso, chifukwa thabwa louma likalowa m'madzi limafufuma ndipo limafuna malo. Nsanza ndi mapulasitiki osungunula amene timamatira mabwato akale ndi zongothandizira tsiku limodzi. Pa boti latsopano ikani zoyenera.

Mipando ya m'boti ndi mitanda imene imagwira mbali ziwiri kuti zisatambasuke kapena kupanikizana. Ikhomedwe molimba, ndipo musadzachotse wina pofuna malo a ukonde. Pomaliza pakani penti yoyamba yolowa m'thabwa, kenako ya mafuta kawiri, m'kati ndi kunja.

Kuyesa boti m'madzi

Kuona kwachitatu kumachitikira pa doko, m'mawa nyanja ili bata, komiti ndi mmisiri alipo. Boti latsopano limadontha masiku oyamba, zimenezo zisakuopseni. Lisiyeni pa madzi osaya masiku awiri kapena atatu kuti matabwa afufume. Ngati pambuyo pake malo ena akulowetsabe madzi, litulutseni mukonze.

Kenako liyeseni ndi katundu. Ikani matumba a mchenga olemera mofanana ndi anthu, ukonde wonyowa, mafuta, injini ndi nsomba za tsiku labwino. Onani kuti m'mbali mwatsala malo otani pamwamba pa madzi. Kwa boti laling'ono ngati ili, ine ndimalangiza kuti pasachepere futi imodzi. Jambulani mzere wa penti yowala pamene madzi alekeza. Mzere umenewo ukamira, katundu wachuluka, ngakhale usipa utagwa chotani. Ndi bwino kusiya mabeseni awiri a usipa m'nyanja kusiyana ndi kusiyamo anthu.

Pali kuyesa kwina kumene ambiri sachita. Pa madzi olekeza m'chiuno, chotsani injini, mangani miyala yolemera ngati injiniyo kumbuyo, ndipo mudzaze boti ndi madzi. Muone ngati likuyandamabe. Mtengo wolimba ukamwa madzi suyandama kwambiri, ndipo injini ndi nangula zimakokera pansi. Mankhwala ake ndi zigubu zopanda kanthu zotseka bwino. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 20 chimanyamula pafupifupi makilogalamu 20. Mangani zigubu zolimba pansi pa mipando, kumutu ndi kumbuyo, muzionjezera mpaka boti lodzaza madzi liziyandama mosapendekeka. Boti likagubuduka koma osamira, anthu amakhala ndi pogwira mpaka anzawo awapeze.

Kumbukiraninso kuti madzi a m'boti amathamangira mbali imene lapendekera n'kuonjezera kupendekako. Chokapira chikhale chomangirira ndi chingwe, ndipo katundu wolemera akhale pansi, pakati. Nyanja ya Malawi siopa kukula kwa chombo. Mu Julayi 1946, sitima yachitsulo ya Vipya inagubuduka pa mphepo yamkuntho kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anamira. Ngati sitima inatero, boti la mamita 5 liyenera kulemekeza mphepo.

Maulendo oyamba akhale a masana, pafupi ndi gombe, ndi anthu odziwa kusambira, ndipo nkhafi zikhalemo ngakhale muli ndi injini. Pang'onopang'ono muzionjezera mtunda pamene mukulidziwa khalidwe lake. Mverani machenjezo a za nyengo pa wailesi ndi pa foni. Akalengeza mwera wamphamvu, kapena mitambo ya mpoto ikayamba kuda m'nyengo ya mvula, boti latsopano likhale pamtunda. Majekete oyandamitsa munthu aikidwe pa mndandanda wa zogula kuyambira pachiyambi, monga momwe mwaikira misomali.

Udindo wa komiti

Kuona katatu kumene ndanenaku sikunalembedwe m'malamulo a boma. Ndi pempho langa kwa inu, ndipo mukaona kuti n'kothandiza mukhoza kukambirana ndi mafumu kuti kulowe m'malamulo a doko lanu. Komiti isankhe mmisiri mmodzi kapena awiri odalirika, mugwirizane za kangachepe kowathokoza, ndipo mlembi alembe m'buku tsiku la kuona matabwa, la kuona mafupa ndi la kuyesa m'madzi. Alembenso chiwerengero cha anthu amene botilo linganyamule. Inu alovi muli ndi ufulu wofunsa ngati boti linayesedwa musanakwere. Amisiri athu akale, musabise luso. Mnyamata amene mungamuwongolere lero ndiye adzakonze maboti a doko lino mawa.

Boti likatha, tiuzeni kuti lilowe m'kalembera, ndipo zida zimene lidzanyamule zikhale zololedwa ndi zodulira chiphaso. Boti latsopano lonyamula neti ya udzudzu kapena ukonde wa maso oletsedwa likuononga nsomba zomwe zikanabweza ndalama yanu. Amene akuganiza zonyamula anthu ndi katundu pa malipiro adziwe kuti imeneyo ndi nkhani ina, ili ndi malamulo ake ku nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, ndipo afunse kumeneko asanayambe.

Kusamala boti ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Kapani madzi a mvula msanga, chotsani mchenga ndi mamba pakati pa nthiti, ndipo musalisiye pa dzuwa lamphamvu masabata ambiri osalifunditsa. Kamodzi pa chaka litulutseni, mubaye ndi nsonga ya mpeni m'ngodya ndi mozungulira misomali. Pamene mpeni walowa mosavuta paola, sinthani. Ndipo banja lililonse limene lakhoma boti libzale mitengo m'nyengo ya mvula ikubwerayi. Mbawa imatenga zaka zambiri kuti ikule, koma zidzukulu zathu nazo zidzafuna matabwa.

A Gulupu, mafumu ndi nonse, mawu anga athera pamenepa. Amene muli ndi matabwa kale kunyumba, lembetsani mayina kwa mlembi wa komiti yanu tisanabalalike, kuti tipangane tsiku lodzawaona. Amisiri amene muli pano, ndikupemphani kuti muonjezere pamene ndasiya.